Funso la pakati pa usiku: mbiri ya anamwino ndi uthenga wa khansa

Pa 23 September 1951 madokotala anasandutsa chipinda china cha nyumba yachifumu ya Buckingham ku London kukhala chochitiramo opaleshoni, ndipo anachotsa phapo lakumanzere la Mfumu George VI, yemwe nkhope yake inali pa masitampa a Nyasaland ndi Northern Rhodesia masiku amenewo. M'phapomo munali khansa. Clement Price Thomas, dokotala amene anagwira mpeni, ankadziwa zimenezi, madokotala anzakenso ankadziwa, koma mwini phapo sanauzidwe. Anthu a m'dzikomo anangomva kuti m'phapo mwa mfumu mwasintha zina ndi zina. Anamwino ochokera ku chipatala cha Westminster anaisamalira usana ndi usiku m'nyumba imene dzina la matendawo silinkatchulidwa pamaso pa wodwala. Mfumuyo inamwalira pa 6 February 1952.

Ngati mfumu inabisiridwa matenda ake, munthu wamba akanayembekezera chiyani? Kubisaku sikunali nkhanza ya dokotala mmodzi ayi, unali mwambo wolembedwa. Malamulo a ntchito amene bungwe la madokotala a ku America linakhazikitsa mu 1847, potengera zolemba za Thomas Percival wa ku Manchester za mu 1803, ankati dokotala akhale wobweretsa chiyembekezo ndipo apewe kulosera zoipa. Imfa ikayandikira, ankayenera kutsina khutu abale ndi abwenzi. Wodwalayo ankauzidwa pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina, ndipo malamulowo ankalangiza dokotala kuti ntchito yowawayi aipatse munthu wina wanzeru ndi waulemu ngati alipo. Maganizo amenewa anali ndi chifukwa chake. Kufikira m'ma 1940, zida zolimbana ndi khansa zinali mpeni ndi cheza chowotcha basi, ndipo odwala ambiri ankafika kuchipatala mochedwa. Kutchula dzina la matendawo kunali ngati kuwerenga chigamulo cha imfa.

Namwino anaikidwa pamalo ovuta kuposa onse. Florence Nightingale yemwe, m'buku lake la malangizo a unamwino la mu 1859, anadzudzula kwambiri alendo amene amafika pabedi n'kumachulutsa mawu a chiyembekezo chabodza, ponena kuti zimenezi zimatopetsa wodwala ndi kumusiya yekha ndi zimene akudziwa mumtima. Koma lumbiro limene linatchedwa dzina lake, lolembedwa ku Detroit mu 1893 iye osatengapo mbali, linkalumbiritsa namwino kuti adzathandiza dokotala mokhulupirika. Malamulo oyamba a bungwe la anamwino a dziko lonse, a mu 1953, ankanenabe za kutsatira zolamula za dokotala. Choncho dokotala ankadutsa m'wodi m'mawa, kuima pabedi mphindi zowerengeka, n'kupita. Wotsala ndi wodwala anali namwino. Ndiye ankamusambitsa, kutsuka bala limene silinkapola, kuona thupi likutha. Ndipo funso silinkabwera nthawi ya m'mawa dokotala ali pomwepo. Linkabwera pakati pa usiku, wodi ili zii, wodwala atagwira dzanja la womupatsa madzi n'kufunsa ngati adzatulukemo wamoyo. Yankho lololedwa linali limodzi: mukafunse adokotala.

Zimene odwala eni ake ankafuna zinadziwika msanga, kungoti panalibe wozimvera. Mu 1950 madokotala awiri a ku Minnesota, Kelly ndi Friesen, anafunsa odwala khansa 100, ndipo 89 anati ndi bwino kudziwa. Patapita zaka 11, Donald Oken anafunsa madokotala 219 a pachipatala cha Michael Reese ku Chicago, n'kupeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse sankauza odwala awo kuti ali ndi khansa. Chochititsa chidwi m'kafukufukuyu ndi mawu amene ankagwiritsa ntchito pozemba: chotupa, chomera, bala. Mawu onsewa ndi oona, ndipo mphamvu yake inali pomwepo, chifukwa dokotala ankatha kutuluka m'chipinda asananame, wodwala n'kutsala osadziwa kanthu. Madokotalawo ankati zimene anaona pantchito n'zimene zinawaphunzitsa kubisa, koma Oken atafunsitsa anapeza kuti ambiri sanayesepo n'komwe njira ina. Ambiri mwa iwonso anavomera kuti khansa itagwira iwo, angafune kuuzidwa.

Amene anaonetsa poyera mtengo wa chinsinsichi anali ofufuza atatu amene anakhala nthawi yaitali m'mawodi a zipatala za kudera la San Francisco chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: Barney Glaser, Anselm Strauss ndi namwino Jeanne Quint. M'buku limene Glaser ndi Strauss anatulutsa mu 1965 anafotokoza kuti wodwala amene akufa amapezeka m'mikhalidwe yosiyanasiyana. Wina sadziwa chilichonse pamene onse omuzungulira akudziwa. Wina amakayikira, ndipo amayamba kutchera misampha: kufunsa namwino wa usiku zimene anafunsa kale wa masana kuti aone ngati mayankho agwirizane, kusuzumira pa mapepala ake, kuwerenga nkhope. Wina amadziwa, ogwira ntchito amadziwa kuti akudziwa, komabe onse amapitiriza sewero la zokambirana za ulendo wa chaka chamawa. Ndi ochepa amene ankafika poti nkhani ikambidwe poyera.

Quint anayang'ana mbali ya anamwino, ndipo buku lake la mu 1967 linasonyeza kuti ophunzira unamwino ankatumizidwa kwa anthu akufa popanda kuphunzitsidwa choti anene. Pofuna kusunga chinsinsi chimene sichinali chawo, anamwino anaphunzira luso lothawa: kulowa m'chipinda mwachangu ngati munthu wotanganidwa, kuyankhula za nyengo ndi chakudya, kuchita nthabwala, kutuluka funso lisanathe. Apa ndi pamene mwambo wakalewo unadzitsutsa wokha. Cholinga chake chinali kuteteza wodwala, koma zotsatira zake zinali zakuti munthu amene ankafunika kukhala naye pafupi kwambiri ndi amene onse ankamulambalala. Bodza silinachotse mantha. Linangochotsa anthu.

Ku London kunali mayi wina amene anafika pa mfundo yomweyi kudzera njira ina. Cicely Saunders anayamba maphunziro a unamwino pachipatala cha St Thomas mu 1940, koma vuto la msana linamuchotsa m'wodi, n'kukhala wothandiza odwala pa mavuto a zachuma ndi a m'banja. Pantchito imeneyi anakumana ndi David Tasma, Myuda wa ku Warsaw wa zaka 40, amene ankagwira ntchito yoperekera zakudya ndipo anali ndi khansa yosachiritsika. Tasma atamufunsa ngati adzafa, Saunders anamuuza zoona. Bamboyo anamwalira mu February 1948, n'kumusiyira mapaundi 500 oti adzathandizire kumanga nyumba yosamaliramo anthu akufa. Saunders anabwerera kusukulu, anakhala dokotala mu 1957, ndipo kuyambira 1958 ankagwira ntchito pa St Joseph's ku Hackney, kumene ankajambula mawu a odwala pa tepi ndi kuwamvetsera mobwerezabwereza. N'zosadabwitsa kuti nkhani zake za mu 1959 zokhudza chisamaliro cha anthu akufa, kuphatikizapo ina yofunsa ngati wodwala ayenera kudziwa, anazilemba m'magazini ya anamwino ya Nursing Times. Ankadziwa amene amalandira funsolo.

Saunders sanaphunzitse kuti aliyense auzidwe zonse. Ankanena kuti wodwala ndiye atsogolere, ndipo ntchito ya womusamalira ndi kumva chimene akufunsa, ngakhale chitabisala m'mawu ena. Mu 1960 wodwala wina wa ku Poland, Antoni Michniewicz, anamufunsa ngati akufa, ndipo iye anavomera. Bamboyo anafunsanso ngati zinali zovuta kunena zimenezo. Saunders atati zinali zovutadi, Michniewicz anathokoza, n'kunena kuti kuuzidwa n'kowawa koma kuuza mnzako n'kowawanso. Saunders ankaikamba nkhaniyi kwa ophunzira ake kwa zaka zambiri, pofuna kuwaonetsa kuti tsiku limene kupereka uthenga wotere kudzawapepukira ndiye kuti china chake chalakwika. St Christopher's Hospice, nyumba imene Tasma anaiperekera ndalama zoyamba, inatsegulidwa ku Sydenham mu 1967.

Zinthu zinasintha mofulumira m'zaka khumi zotsatira. Elisabeth Kübler-Ross anatulutsa mu 1969 buku la zokambirana zake ndi odwala akufa ku Chicago, ndipo linawerengedwa kwambiri. Mankhwala a khansa anayamba kuchiritsadi mitundu ina, monga khansa ya m'magazi ya ana, ndipo kunali kovuta kupatsa munthu mankhwala othothola tsitsi ndi osanzitsa popanda kumuuza chifukwa. Makhoti anayamba kugamula kuti wodwala ayenera kudziwitsidwa asanavomere chithandizo. Mu 1973 bungwe la anamwino a dziko lonse linalembanso malamulo ake, n'kunena kuti udindo woyamba wa namwino uli kwa munthu amene akufunika chisamaliro. Mu 1974 Betty Ford, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la America, analengeza poyera kuti amuchotsa bere chifukwa cha khansa. Pamene Dennis Novack ndi anzake anafunsanso mafunso a Oken aja m'kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1979, madokotala 97 mwa 100 alionse anati amasankha kuuza wodwala.

Koma ufulu wa dokotala wonena zoona sunafike kwa namwino tsiku lomwelo. Mu 1976, mumzinda wa Twin Falls ku Idaho, namwino wophunzitsa dzina lake Jolene Tuma anapita kukayamba kupereka mankhwala kwa mayi wodwala khansa ya m'magazi. Mayiyo anamupempha kuti amufotokozere za njira zina, ndipo Tuma anakambirana naye pamodzi ndi abale ake, kuphatikizapo za mankhwala otchedwa laetrile, amene pambuyo pake anadzapezeka kuti alibe phindu lililonse. Dokotala anadandaula, ndipo bungwe loyang'anira anamwino linamulanda chiphaso kwa miyezi 6 pomuimba mlandu wosokoneza ubale wa dokotala ndi wodwala. Khoti lalikulu la Idaho linathetsa chilangocho mu 1979, osati chifukwa chakuti linavomereza zimene ananena, koma chifukwa lamulo silinafotokoze momveka kuti kuchita zimenezo n'kulakwa. Munthu angathe kutsutsa zimene Tuma anauza mayiyo, ndipo pali chifukwa chotsutsira. Komabe mlanduwu unakakamiza anamwino a ku America kufunsa poyera funso limene ankaliopa: wodwala akafunsa, namwino ndi wa ndani?

Kunena zoona kutakhala lamulo, panabuka vuto latsopano. Madokotala ena ankangotaya uthenga ngati mtolo wa nkhuni, ali chiimire m'khonde kapena pafoni, n'kuchoka. Wotola zidutswa analinso namwino. Ku Manchester, dokotala wa matenda a maganizo Peter Maguire anayamba kuyesa ngati luso loyankhula ndi odwala lingaphunzitsidwe. Mu 1980 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi ochotsedwa bere: namwino wophunzitsidwa mwapadera sanathe kuletsa kuti amayiwo asavutike maganizo, koma anazindikira ndi kutumiza kothandizidwa 76 mwa 100 alionse amene ankafunika thandizo, pamene kumene kunalibe namwino wotere ozindikiridwa anali 15 okha. Mu 1991 namwino wofufuza Susie Wilkinson anajambula pa tepi anamwino akucheza ndi odwala khansa, ndipo anapeza kuti luso lakale lothawa lija linali lidakalipo. Wodwala akatchula mantha, namwino ankamutonthoza msangamsanga, kapena kufunsa za mankhwala, kapena kusintha nkhani. Ovuta kwambiri kucheza nawo anali odwala amene khansa yawabwerera. Pa njira zonse zotsekera munthu pakamwa, yaulemu kwambiri ndi kumuuza kuti asade nkhawa.

Kuchokera m'ntchito zimenezi munatuluka njira zimene zikuphunzitsidwa lero. Robert Buckman analemba buku la nkhaniyi mu 1992, ndipo mu 2000 iye, Walter Baile wa ku Houston ndi anzawo anafalitsa ndondomeko yodziwika ndi dzina lakuti SPIKES. Zimene imanena si zachilendo kwa munthu woleredwa bwino: pezani malo oduka mphepo ndipo khalani pansi, funsani kaye zimene munthuyo akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa, muchenjezeni kuti uthenga si wabwino, nenani pang'onopang'ono m'mawu omveka, mulole alire kapena akhale chete, ndipo musasiyane asanadziwe chimene chichitike mawa. Chofooka chake n'chakuti inalembedwa poganizira dokotala amene wakonzekera, m'chipinda chotseka, pa ola loikika. Anamwino ofufuza ku Sheffield anasonyeza mu 2010 kuti kwa namwino uthenga wowawa si chochitika cha tsiku limodzi. Umayamba dokotala asanalowe, wodwala ataona kuti akumuyezanso kachiwiri, ndipo umapitirira kwa masabata, chifukwa munthu akangomva dzina la matendawo makutu amatseka, zotsalazo amadzafunsa pambuyo pake, chidutswa chimodzi lero, china mkuja, nthawi zambiri kwa amene akumusintha bandeji.

Nkhani ya abale ndiyo sinathe mpaka lero. Ku Japan, Mfumu Hirohito inachitidwa opaleshoni mu 1987 ndipo inamwalira pa 7 January 1989 osauzidwa kuti inali ndi khansa. M'dziko lomwelo mu 1983, mayi wina wa ku Nagoya, amene iyenso anali namwino, anauzidwa kuti ali ndi miyala m'ndulu pamene madokotala ankaganizira khansa. Poona kuti si zoopsa, anazengereza kukagonekedwa, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Abale ake anasuma, koma mu 1995 khoti lalikulu la Japan linagamula kuti dokotala anali ndi ufulu wosankha choti anene. Chaka chomwecho Leslie Blackhall ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa okalamba 800 ku Los Angeles ngati munthu wa khansa yofalikira ayenera kuuzidwa. Ochokera ku Korea amene anavomera anali 47 mwa 100 alionse, ochokera ku Mexico 65, pamene azungu anali 87 ndipo akuda a ku America 88. Ziwerengerozi zimaluma mbali zonse ziwiri. Zimasonyeza kuti mwambo wouza wodwala yekha si wa anthu onse, komanso kuti ngakhale m'gulu lokonda kubisa, pafupifupi theka ankafuna zoona. Wongoyang'ana mtundu wa munthu n'kumusankhira angalakwitse kawirikawiri.

Maguire ndi namwino Ann Faulkner anali atapereka kale, mu 1988, njira yochitira ndi mbale amene akupempha kuti wodwala asauzidwe. Sankati mbaleyo akanidwe. Ankati afunsidwe chimene akuopa, avomerezedwe kuti amamudziwa wodwalayo kuposa achipatala, kenaka afunsidwe mmene chinsinsicho chikumulemerera iye mwini. Nthawi zambiri apa ndi pamene mkazi kapena mwana amaulula kuti sakugona, ndipo kunyumba anthu asiya kuyang'anana m'maso. Zikatero namwino amapempha chilolezo chongofufuza zimene wodwalayo akudziwa kale, n'kulonjeza kuti sadzamukakamiza kumva zimene sakufuna, koma sadzamunamizanso akafunsa. Kawirikawiri zimapezeka kuti wodwalayo anadziwa kalekale, ndipo anali chete pofuna kuteteza omwewo amene ankamuteteza. Benjamin Freedman wa ku Montreal anawonjezera mu 1993 kuti wodwala afunsidwe poyambirira penipeni ngati akufuna kuuzidwa iye mwini kapena asankhe mbale womumvera, chifukwa kukana kudziwa ndi ufulu wakenso.

Chisamaliro cha mtundu wa Saunders chinafika msanga kum'mwera kwa Africa kuno. Island Hospice inayamba ku Harare mu 1979, itakhazikitsidwa ndi Maureen Butterfield amene mwana wake wamkazi anamwalira ndi khansa. Ku Salima, namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo mu 2007, chaka chimene chipatala cha khansa cha ku Lusaka chinatsegulidwanso mwalamulo. Koma njira zolembedwa ku Manchester ndi ku Houston zinapeza kuno mwambo wakewake wa kanenedwe ka zowawa. Mthenga wa maliro kumudzi sathamangira kunena kuti munthu wamwalira. Wachibale wakutali amauzidwa kuti matenda akula, abwere msanga, ndipo womva amamvetsa. Kutchula imfa munthu akadali moyo kumamveka ngati kumulosera zoipa. M'chipatala, wodwala amakhala ndi gadiyani, ndipo n'zofala kuti iyeyu ndiye amaitanidwira pambali, n'kukauza amalume kapena mwinimbumba, wodwala n'kukhala womaliza kumva za thupi lake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mliri wa Edzi unabweretsa mwambo wosiyana kotheratu, wakuti zotsatira za magazi zimaperekedwa kwa mwini wake yekha, m'chipinda chotseka, atalandira uphungu. Mayi mmodzi yemweyo angathe kuuzidwa yekha za kachilombo Lolemba, koma za khansa ya khomo la chiberekero n'kuuzidwa mlamu wake Lachitatu.

Palinso mtolo wina umene anamwino a Quint sanausenze: kumasulira. Kumene dokotala amayankhula Chingerezi kapena chinenero china, uthenga umadutsa pakamwa pa namwino, ndipo iye ndiye amasankha mawu. Akanena kuti chotupa, wanena zoona, ndendende ngati madokotala a Oken, koma chithupsa nachonso n'chotupa. Akanena kuti khansa, ena amamva imfa ya mawa, ngakhale pamene yapezeka msanga ndipo opaleshoni ingaithetse. Chingerezi cha m'chipatala chili ndi mawu awiri osiyana, lina la kupereka chithandizo, lina la kuthetseratu matenda, koma kuchiza, kuchira ndi kuchiritsa n'zotuluka pa tsinde limodzi, ndipo munthu wolandira mankhwala amayembekezera kuchira. Dokotala akanena kuti apereka mankhwala ochepetsa ululu ndi kuchedwetsa matenda, namwino n'kufupikitsa kuti akupatsani mankhwala, banja lingathe kugulitsa mbuzi ndi munda pothamangitsa machiritso amene palibe anawalonjeza. N'chifukwa chake anamwino ozolowera ntchitoyi satseka nkhani ndi funso lakuti mwamva, limene yankho lake laulemu ndi inde basi. Amakoka mpando, n'kunena kuti: "Mayi, mukafika kunyumba akakufunsani kuti kuchipatala anati chiyani, mukawauza zotani?"